Ndinaulula Chinsinsi cha Eni pa Kampu ya Ana

Kampu ya ana imene ndinakonza kuno kwa Milonde mu Ogasiti 2023 ndinaiyamba ndi mtima wofuna kuthandiza, koma inakathera pabwalo la mfumu, ine nditazyolika pamaso pa mudzi wonse. Ndaganiza zoifotokoza poyera chifukwa masiku ano aphunzitsi, achinyamata a m'mipingo ndi a mabungwe a m'midzi akukonza makampu a ana pafupifupi tchuthi chilichonse, ndipo sindikufuna kuti wina adzapweteke mwana monga ndinachitira ine. Dzina la sukulu, la mudzi, la mwanayo ndi la abale ake sinditchula. Ndinawalakwira kale mokwanira.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ku Mulanje ndinabwera ndi ntchito. Anthu a kwa Milonde anandilandira bwino. Anandiphunzitsa kudya kalongonda, anandiuza tsiku loyenera kupita kumsika wa Limbuli, ndipo pa maliro ankandisiyira malo pakati pa amuna anzanga. M'kalasi ndinkadziwa mwana amene akuvutika ndi masamu, amene amabwera m'mimba muli pululu, ndi amene amajomba nthawi yothyola tiyi. Zimenezi zinandinamiza kuti mabanja a kuno ndikuwadziwa, chonsecho ndinkangodziwa za pakhonde.

Mu Malichi chaka chimenecho Namondwe Freddy anasakaza chigawo cha kummwera. Mvula inagwa usana ndi usiku osakata, madzi anatsika m'phiri la Mulanje atanyamula miyala ndi mitengo, Ruo ndi mitsinje inzake zinasefukira, milatho inaduka, ndipo anthu mazanamazana anamwalira ku Mulanje, ku Phalombe, ku Blantyre ndi m'maboma ena. Sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Titatsegulira, m'kalasi mwanga munali nkhope zachilendo: ana amene anabweretsedwa kwa agogo awo kapena kwa amayi awo aang'ono chifukwa kwawo kunalibenso nyumba, kapena kunalibenso munthu. Ngakhale Freddy asanabwere, ana oleredwa ndi achibale anali ambiri kale. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'Malawi mwana mmodzi mwa ana 5 aliwonse sakhala ndi kholo lomubereka. Ena mwa ana atsopanowo sankayankhula tsiku lonse. Mitambo ikangoda kuphiri, ankayang'ana pawindo, pensulo ili m'manja osalemba kanthu. Zinkandidya mumtima.

Nkhani ya kampu ndinaimva ku boma, pa maphunziro amene anaitanirako aphunzitsi ndi anthu odzipereka a ma Children's Corner, malo aja amene ana a zaka 6 mpaka 18 amakumana akaweruka kusukulu kuti asewere ndi kukambirana zowavuta. Mmodzi mwa otiphunzitsa anatchula za Masiye Camp, imene a Salvation Army anatsegula mu 1998 m'mapiri a Matobo pafupi ndi Bulawayo ku Zimbabwe, yolandira ana amene makolo awo anamwalira pa nthawi imene Edzi inkapulula anthu. Anatchulanso Camp Hope ya kuno kwathu, ya achinyamata amene ali ndi HIV, yoyendetsedwa ndi a Baylor. Usiku ndinafufuza pa foni ndipo ndinapeza kuti ku America kuli makampu a ana otengedwa kuchokera kumayiko ena. Bungwe la Holt, lomwe linayamba ndi banja la Harry ndi Bertha Holt a ku Oregon amene anatenga ana 8 ku Korea mu 1955, limasonkhanitsa ana otere nyengo yotentha. Ku Colorado kuli ena amene anayamba mu 1992 ndi mabanja olera ana ochokera ku Korea, ndipo pano ali ndi kampu ya ana ochokera ku Africa ndi ku Caribbean. Kumeneko ana amaphunzira zakudya, magule ndi mbiri ya kumene anabadwira, ndipo amapeza anzawo a nkhani yofanana ndi yawo. Ndinadziuza kuti chotheka ku Matobo ndi ku Colorado chingathekenso m'tsinde mwa phiri la Mulanje.

Tsiku lomaliza la maphunziro aja sindinakhalepo, chifukwa kwathu ku Ntcheu kunagwa maliro ndipo ndinathamangira kumeneko. Ndinabwerera kwa Milonde ndi manotsi atheka. Kuti ndikwaniritse zosowazo, ndinabwereka kwa mnzanga mapepala akale a fotokope ofotokoza masewero otchedwa Mtengo wa Moyo. Sindinafunse munthu aliyense ngati mapepalawo anali ofanana ndi zimene anzanga anaphunzira ine kulibe.

Zokonzekera zinayenda mofulumira. Amayi a mpingo wina anasonkha ufa ndi nandolo, anyamata ogwira ntchito kumunda wa tiyi anasonkha ndalama ya shuga ndi usipa, ndipo ahedi anandibwereka makalasi awiri ogona, imodzi ya anyamata, ina ya atsikana. Chotsala chinali kudziwa ana oti abwere. Ndinapita kwa mmodzi wa anthu a m'komiti ya m'mudzi amene ankalemba mayina pa nthawi ya thandizo la Freddy, ndipo ndinamupempha kaundula wa ana amasiye. Anazengereza. Ndinamukakamiza, ndikumuuza kuti ndi zothandiza ana omwewo, mpaka anandilola kukopera. Kwa makolo ndi olera anawo sindinapiteko. Ndinaona ngati kalata yolemba pamanja yopatsira mwana ikwanira.

Tsiku lotsekera sukulu, pa asembule, ahedi atamaliza kulengeza za mayeso, anandipatsa mpata. Ndinaima kutsogolo kwa ana onse a sukuluyo, pepala lili m'manja, n'kunena kuti: "Ana amene nditchule mayinawa ndi amene makolo awo anatisiya. Atsale, ndili ndi uthenga wabwino." Ndinayamba kuwerenga. Ena ankatuluka pamzere mofulumira, ena mokoka miyendo, maso ali pansi, anzawo akuwacheukira. Nditatchula dzina la mtsikana wina wa Sitandade 6, wazaka 12, sanasunthe. Ndinabwereza. Anakweza mkono.

"Sala, mwalakwitsa. Ine amayi anga alipo."

Mayi akewo ndinkawadziwa. Ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi geti, ndipo pa misonkhano ya makolo sankajomba. Ndinaganiza kuti mwina amene anamwalira ndi bambo ake, kapena olemba anasokoneza mayina. Ndinamuyankha kuti: "Dzina lako lili papepala pano. Bwera basi, ukasangalala ndi anzako." Mphunzitsi wina wachikulire, mbadwa ya konkuno, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti akundiyang'ana, koma sindinamufunse chifukwa chake.

Kampu itayamba, zinthu zinayamba kupotoka tsiku loyamba lomwe. Ogasiti kuno ndi nthawi yokolola nandolo komanso ya chinamwali, ndipo zimenezi sindinaziwerengere. Anyamata okulirapo ambiri anali kusimba, atsikana ena anawakaniza kwawo chifukwa cha ntchito ya kumunda. Amene anabwera anafika ndi timajumbo ta zovala ndi mbale, ena opanda chofunda. Madzulo ake kunabwera chiperoni, mvula yamawawa ija yobwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, ndipo phiri lonse linabisika mu nkhungu. Nkhuni zimene ndinaunjika panja zinanyowa. Amayi ophika anakhalira kuuzira moto, maso ali psuu ndi utsi, nsima n'kupsa usiku ana ena atagona kale. M'mawa mwake ufa unaperewera, kuchigayo magetsi anali atazima, ndipo ana anaswera phala. Ndinabweretsa mabulangete anga onse ndi makatani a m'nyumba mwanga kuti afunde. Ngakhale zinali choncho, ana ankaseka, ankasewera fulaye ndi mpira wachikulunga, ndipo usiku ankaimba mpaka mawu kusasa. Mtsikana uja ndiye ankatsogolera nyimbo. Mayi ake anamulola kubwera chifukwa mwanayo analira kuti anzake onse akupita, ndipo kalata yanga inkangonena za masewero ndi chakudya.

Tsiku la Mtengo wa Moyo ndinadula mapepala aakulu pakati kuti akwanire, n'kuthyola makrayoni patatu. Ana anagona chafufumimba pa simenti yozizira, aliyense ndi pepala lake. Ndinawerenga kuchokera pa fotokope ija: mizu ndi kumene unachokera, thunthu ndi zimene zakuumba, zipatso ndi zimene wakwanitsa, tizilombo tofumbula mtengo ndi mavuto ako, ndipo masamba oyoyoka pansi ndi anthu ako amene anamwalira. Ndinawauza kuti pa tsamba lililonse lakugwa alembe dzina.

M'kalasi munangoti zii. Mnyamata wina wamng'ono, amene anabwera kwa agogo ake Freddy atadutsa, anajambula mtengo wa nthambi zokhazokha, masamba onse ali pansi. Analemba dzina la mayi ake, analemba la mng'ono wake, kenaka krayoni inagwa ndipo anayamba kulira mokweza, kulira kwa pamaliro. Woyandikana naye anayamba, wina kumbuyo anayamba, kulirako kunafalikira ngati moto wolusa m'tchire louma. Ndinasowa pogwira. Ndinkayenda uku ndi uku ndikunena kuti "tontholani, tontholani," popanda china chowauza.

Poyendayenda paja ndinafika pa mtsikana uja. Mtengo wake unali wokongola, wa mango, masamba ali gwirigwiri, pansi pake poyera. Chifukwa chosokonezeka mutu, ndinamuuza mawu amene mpaka lero amandilasa: "Nanga masamba ako akugwa ali kuti? Aliyense pano ali nawo." Asanayankhe, mnyamata wina wa m'mudzi mwawo, wokulirapo pang'ono, anadzutsa mutu.

"Ulembe amayi ako enieni. Aja amagulitsa zitumbuwa si amayi ako, ndi ang'ono awo. Aliyense amadziwa."

Sananene mwachipongwe. Ankaganiza kuti akumuthandiza kuyankha funso la aphunzitsi. Mtsikanayo anayang'ana mnyamatayo, kenaka anayang'ana ine, kudikira kuti ndimutsutse. Sindinathe. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake dzina lake linali m'kaundula muja, ndipo nkhope yanga inamuuza zonse. Sanalire. Anapinda pepala lake bwinobwino, n'kuliika m'thumba la diresi, n'kukhala chete mpaka madzulo. Ine ndinatanganidwa ndi olira mokweza aja, wachete uja ndinamusiya yekha.

Pa chakudya chamadzulo mbale imodzi inatsala yopanda mwini. Tinayang'ana kuchimbudzi, kumjigo, kuseri kwa makalasi, osamupeza. Nkhongono zinandizizira. Ndinathamangira kwawo ndikuyembekeza kuti wabwerera, koma ndinapeza mayi ake akutsuka mapoto, osadziwa kanthu. Ndinayenera kufotokoza zonse nditaima pakhomo pawo mumdima. Sanandiyankhe ngakhale liwu limodzi. Anamanga chitenje m'chiuno, anatenga tochi, n'kuyamba kuitana dzina la mwanayo.

Mudzi wonse unadzuka. Amuna anagawana njira: ena kuminda ya nandolo, ena m'mizere ya tiyi kukafunsa alonda, anyamata a kabaza kumsewu wopita ku Limbuli. Dzina la Ruo palibe amene ankalitchula, koma gulu lina linalowera komweko mwakachetechete, ndipo ine ndinapita nalo. Chiperoni chinali chikadagwa, matochi ankangounika nkhungu. M'mphepete mwa mtsinje munali mukadali mitengo ikuluikulu imene madzi a Freddy anaitaya, ndipo chitsa chilichonse chinkaoneka ngati mwana wokhala pansi. Ndinapemphera usiku umenewo kuposa mmene ndinapemphererapo m'moyo wanga.

Anapezeka m'bandakucha, m'mudzi wina, kwa agogo ake obereka mayi ake. Gogoyo atalowa m'khitchini kuti akoleze moto anamupeza atadzipinda pafupi ndi mafuwa, pamene phulusa linali likadafunda. Anayenda yekha mumdima ulendo wonsewo, koma atafika anaopa kugogoda. Mawu ake oyamba anali akuti: "Agogo, ndi zoona?"

Kampu inathera pomwepo. Olera ana anabwera m'mawa womwewo kudzatenga ana awo, ena osandipatsa moni. Patapita masiku ochepa ndinaitanidwa kwa mfumu.

Kuno kwa Alhomwe ana ndi a kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi malume. Kwathu ku Ntcheu nakonso malume ndi munthu wamkulu pa nkhani za ana, choncho ndilibe ponamizira kuti sindinkadziwa. Malume a mtsikanayo, bambo wodula tiyi wa manja okhakhala, anaomba m'manja kwa mfumu n'kutembenukira kwa ine. Sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, ife tinakupatsani mwana kuti mumuphunzitse kuwerenga. Anakutumani ndani kuti mumuuze maliro a mayi ake? Dzina lake ndinalembetsa ndine, nyumba itagwa, kuti alandire chimanga ndi pepala lofolera. Ndinanong'oneza wolembayo. Inu mwakalilengeza pa asembule. Pakhomo panga mumadutsa tsiku lililonse popita kusukulu. Chinakuletsani n'chiyani kupatuka kuti mufunse?"

Ndinalibe yankho. Munthu wa m'komiti uja anafuna kudzitengera mlandu, koma ndinauza bwalo kuti iye anakana ndipo ndinamukakamiza ndine. Mnyamata uja anali atakwapulidwa kale kwawo, ndipo ndinapempha kuti asamuimbenso mlandu, pakuti anangoyankha funso limene ndinafunsa ine. Amfumu anagamula kuti ndipereke nkhuku kubanjalo ndi kukapepesa pakhomo pawo pamaso pa agogo. Anawonjezera kuti nkhukuyo si yolipira chimene chawonongeka, chifukwa madzi akatayika saoleka. Inali yongotsegulira njira kuti tizitha kupatsana moni.

Nditapita kukapepesa, mayi aja anandiyalira mphasa pakhonde. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anandifotokozera nkhani yonse mofatsa, maso ali pa nandolo amene ankasenda. Mkulu wawo anamwalira mu 2011, patangopita masiku ochepa atabereka. Bambo a mwanayo anabwerera kwawo kutsidya kwa Ruo ndipo sanaonekenso. Mayi aang'onowa anali ndi khanda lawo la miyezi ingapo.

"Aphunzitsi, bere lomweli anayamwa onse awiri. Wina kuno, wina kuno. Ndikagula diresi ndimagula awiri. Ndikakwapula ndimakwapula onse. Sindinamubise chifukwa cha manyazi ayi. Ndinkafuna akule osadziona ngati mlendo pakhomo pano."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kasutikesi kachitsulo. Munali chitenje chopindidwa bwino chonunkha mankhwala a njenjete, buku la kusikelo la mwanayo, ndi chiphaso chovotera cha malemuwo, chimene chinali ndi chithunzi chawo chokhacho chimene banjalo lili nacho. Banja linali litagwirizana kalekale kuti mwanayo akadzatha msinkhu, pa nthawi ya chinamwali chake, agogo ake ndi anamkungwi adzakhala naye pansi, adzamuuza zonse, adzamuonetsa manda, n'kumupatsa katunduyo. Nthawiyo inali itayandikira. Anthuwa anali ndi tsiku lake, anthu ake oyankhula, ndi mawu ake okonzeratu. Ine ndinalanda zonsezo m'mphindi imodzi, pakati pa ana olira, pa simenti ya m'kalasi.

Miyezi yotsatira inali yowawa pakhomo paja. Mwanayo anasiya kunena kuti "Amayi," n'kuyamba kuwaitana kuti "Anti." Akatumidwa kumjigo ankafunsa chifukwa chake sanatume mwana wawo womubereka uja. Nyimbo anasiya, ndipo m'kalasi anatsika kwambiri. Mayi aja anandiuza tsiku lina pageti kuti kumva "Anti" m'kamwa mwa mwana amene anamuyamwitsa kunawapweteka kuposa tsiku limene anaika mkulu wawo m'manda.

Amene anatithandiza ndi mlangizi woona za chitetezo cha ana m'dera lathu, mayi wodekha amene amayenda pa njinga yakapalasa mudzi ndi mudzi. Anayendera banjalo kambirimbiri, ndipo anayenderanso mnyamata wa mtengo wopanda masamba uja. Atandipempha kuti ndimuonetse mapepala amene ndinagwiritsa ntchito, anapukusa mutu. Anandiuza kuti umenewo ndi Mtengo wa Moyo wakale, ndipo tsiku lija ndinajomba ndi limene anzanga anaphunzira watsopano. Katswiri wa zamaganizo wa ku Zimbabwe, Ncazelo Ncube, amene ankagwira ntchito ndi ana a ku Masiye Camp komanso bungwe la REPSSI, anaona yekha mmene masewero akalewo ankaliritsira ana mpaka alangizi kusowa chochita. Mogwirizana ndi David Denborough wa ku Dulwich Centre ku Australia, anaukonzanso, ndipo anaufalitsa mu 2006. Mu watsopanowo mulibe masamba akugwa. Thunthu ndi luso la mwanayo, nthambi ndi maloto ake, zipatso ndi mphatso zimene anthu anamupatsa, ndipo masamba ndi anthu onse ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe, onse ali pamtengo. Akamaliza, mitengo yonse imamatidwa pakhoma kukhala nkhalango, ndipo pokhapo m'pamene ana amakambirana za mikuntho imene imagwera nkhalango, onse pamodzi, popanda kuloza mwana mmodzi kuti afotokoze zake. Cholinga n'chakuti mwana ayambe waponda pouma asanayang'ane madzi amene anamukokolola. Dzenje limene ndinagwetseramo ana aja linali litadziwika ndi kukwiriridwa zaka 17 m'mbuyomo.

Mlangiziyo anandithandizanso kuona pamene maganizo anga anayambira kupotoka. Mwana wa ku Korea kapena wa ku Ethiopia woleredwa ndi azungu ku Colorado amadziwa kuti anatengedwa, pakuti galasi limamuuza tsiku lililonse. Makolo ake ndi amene amamulembetsa ku kampu, ndipo ambiri amapita naye limodzi. Kuno kwathu anthu akamva zotenga mwana kudzera kukhoti amakumbukira Madonna, amene anatenga David Banda ku Mchinji mu 2006, Mercy James mu 2009 ndi mapasa mu 2017. Lamulo lake lilipo kuyambira 1949, ndipo lina la 2010 loona za chisamaliro ndi chitetezo cha ana limafotokozanso za kulera mwana amene si wako. Koma ana ochuluka kwambiri oleredwa ndi ena m'dziko muno sanapondeko kukhoti. Amasamuka pa tsiku la maliro, achibale akakhala pansi kuseri kwa nyumba n'kugwirizana kuti uyu apita kwa uje. Amalowa m'nyumba ya mayi wamng'ono amene ankamutchula kale kuti amayi. Ngakhale bungwe la Friends of Mulanje Orphans, limene lakhala likugwira ntchito m'boma lino kuyambira mu 2000, limathandiza ana ali m'midzi mwawo momwemo, pakati pa abale awo. Ine ndinatenga ana amene mabanja awo anayesetsa kwa zaka zambiri kuti asasiyane ndi anzawo, n'kuwapatula pamzere pamaso pa sukulu yonse.

Sindikunena kuti mwana azibisiridwa mpaka kalekale. Ngati mnyamata wa pulayimale ankadziwa, ndiye kuti tsiku lina mtsikanayo akanazimva pa mkangano wa kumjigo, mwina ndi mawu oipa kuposa aja. Mlangizi uja anauza banjalo zomwezo mosapsatira, ndipo malume anavomera kuti anachedwa. Mwana ali ndi ufulu wodziwa amene anamubereka. Koma womuuza ayenera kukhala munthu amene adzakhale naye usiku umenewo, mawa lake, ndi chaka chamawa, amene angayankhe akafunsa kuti mayi ake ankaseka bwanji, ankakonda ndiwo zanji. Mphunzitsi wobwera ndi ntchito, wa fotokope m'manja, sangayankhe zimenezo.

Banjalo linachita mwambo wake mochedwa komanso mopweteka, koma linachita. Agogo anamutengera kumanda, anamupatsa chitenje chija, ndipo mlangizi anawathandiza kulemba buku la chikumbutso, monga amayi a bungwe la NACWOLA ku Uganda ankalembera ana awo m'zaka za m'ma 1990. Agogo ankafotokoza, mayi ake ankawonjezera, mwanayo ankalemba yekha. Pang'onopang'ono anayambiranso kunena kuti "Amayi." Ine amandipatsa moni mwaulemu tikakumana, koma nkhani sachita nane ngati kale, ndipo sindimukakamiza. Ali ndi chifukwa chake.

Ndinkafuna kusiyiratu za makampu, koma amfumu omwe aja ndi amene anandiitana chaka chotsatira. Anati ana anasangalala ndi mpira ndi nyimbo zija, ndipo chinalakwika ndi njira. Tsopano timayamba ndi msonkhano wa makolo, agogo ndi amalume, amfumu ali pomwepo, ndipo timawafotokozera chilichonse chimene ana adzachite. Masiku timasankha titafunsa anamkungwi ndi eni minda. Mwana aliyense wa m'mudzi ndi wolandiridwa, wa makolo onse awiri ndi woleredwa ndi agogo chimodzimodzi, ndipo kaundula wa thandizo sitimukhudza. Ana amabwera m'mawa n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Mtengo wa Moyo amatsogolera ndi mlangizi uja, ine ndimagawa mapepala ndi kuona kuti nkhuni zili pouma. Pali munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana mwana amene wangokhala chete. Tsiku lomaliza olera ana amabwera kudzaona nkhalango ili pakhoma, ndipo ambiri amadabwa kupeza mayina awo pa masamba.

Kwa inu amene mukukonza kampu ya ana tchuthi chikubwerachi, kaya ndi ku Mulanje, ku Phalombe kapena kwina kulikonse, musanagule ufa ndi makrayoni, yendani khomo ndi khomo. Khalani pamphasa ndi amene akulera mwanayo, funsani malume ake, ndipo muwafunse mosabisa kuti mwanayo akudziwa zotani za makolo ake ndi zimene sanauzidwe. Akakuuzani kuti nthawi yake sinakwane, lemekezani zimenezo, ndipo ngati mukuona kuti akuchedwa, kambiranani ndi iwowo, osati ndi mwanayo. Maphunziro amene mwaitanidwako khalani mpaka tsiku lomaliza, ndipo mukajomba funsani amene analipo. Dzina la mwana limene banja linapereka monong'ona kuti lilandire thandizo musaliwerenge pagulu.